Kuloweza Mawu Sikukwanira kwa Anthu a ku Russia

Wolankhula Chirasha akamaphunzira Chingerezi asamadalire kuloweza mndandanda wa mawu. Kuyambira nthawi ya mfumu ya ku Russia Peter the Great, Chirasha chinabwereka mawu ambiri ku Chifalansa ndi Chijeremani, motero ena amamveka ngati Chingerezi koma tanthauzo lake ndi lina. Ku Moscow "magazin" ndi sitolo, "familiya" ndi dzina la makolo. Wowatengera ku London angosokoneza anthu. Ena amati mndandanda ndi wachangu, ndipo n'zoona kwa wongoyamba kumene, yemwe akulimbananso ndi zilembo zachilendo atazolowera zake 33. Koma mndandanda sungamuuze poika "the" kapena "a", timawu tomwe Chirasha chilibe n'komwe. Timeneti munthu amatizolowera akamawerenga ndi kumvetsera ziganizo zathunthu.