Thanzi la Nsomba ndi Udindo wa Olamulira



1. Ena adzadabwa kupeza nkhani ya nsomba m'kalata yokamba za ulamuliro wabwino. Koma tikumbuke kuti nsomba ndiyo ndiwo ya munthu wosauka. Mayi wa kuno ku Nkhorongo amene sangakwanitse kugula nyama amadalira kamulu ka usipa wochokera ku Nkhata Bay kapena ku Usisya kuti ana ake adye chakudya chomanga thupi. Nsomba zikadwala kapena kusowa, iyeyu ndiye amayamba kumva kuwawa. N'chifukwa chake tikunena kuti kafukufuku wa thanzi la nsomba ndi madzi ndi nkhani ya chilungamo, ndipo Boma liyenera kuyankhapo pamaso pa anthu amene adalisankha.

Zimene taona

2. M'chaka cha 2020, m'boma la Mchinji mudabuka matenda a zilonda za nsomba, amene akatswiri amawatchula mwachidule kuti EUS. Amayamba ndi kachilombo ka mtundu wa nkhungu kokhala m'madzi, kotchedwa Aphanomyces invadans, kamene kamaboola khungu la nsomba ndi kudya mnofu wake. Milamba ndi matemba zili m'gulu la nsomba zimene zimagwidwa msanga. Matendawa amakula kwambiri madzi akazizira, ndipo akalowa mumtsinje palibe mankhwala owachotsera. Boma lidaletsa kunyamula nsomba zamoyo kuchokera m'madera okhudzidwa, ndipo pamenepa lidachita bwino.

3. Komabe mliriwu sudabwere mwadzidzidzi. Udaoneka koyamba ku Japan mu 1971, ndipo pofika 2007 udali utatsimikizika m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi, kwa anansi athu. Tidali ndi zaka zoposa khumi zokonzekera. Tiyenera kudzifunsa moona mtima: kodi zaka zimenezo tidazigwiritsa ntchito pokonza malabotale, kuphunzitsa alangizi ndi kuchenjeza alimi? Funsoli likutikhudza kwambiri ife a ku Mzuzu, kumene miyezi ya Juni ndi Julaye imazizira koopsa. Mlimi mmodzi wogula mbewu ya nsomba yodwala, kapena kubwereka ukonde umene udalowa m'madzi a matenda, angathe kuwononga maiwe a mudzi wonse.

4. Mbiri ya nyanja ya Malombe ikutiphunzitsa zomwezo. M'zaka za m'ma 1980 asodzi ankapha chambo chochuluka m'nyanjayi, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chidali chitatsala pang'ono kutheratu, chifukwa cha makoka a maso aang'ono amene ankakokolola nsomba zosakhwima ndi kusalaza malo oswanirana. Makomiti a asodzi a m'mphepete mwa nyanja adayamba mu 1993, madzi atafika kale m'khosi. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima zinthu zidayenda mosiyana: mafumu akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950, anthu namvera, ndipo utaka udasungika. Kumene chenjezo limvedwa pa nthawi yake, nsomba zimapulumuka.

Zimene chikhulupiriro chathu chikutiphunzitsa

5. Buku la Genesis limatikumbutsa kuti Mulungu adaika munthu m'munda ngati kapitawo wosamala zolengedwa. Nyanja ya Malawi, imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, tidaipeza ndipo tidzaisiya. Ambuye Yesu adasankha ophunzira ake oyamba pakati pa asodzi, nadyetsa khamu la anthu ndi buledi ndi nsomba. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, adaphunzitsa kuti kuwonongeka kwa chilengedwe ndi kuzunzika kwa amphawi ndi vuto limodzi. Choncho Mpingo umalemekeza ntchito ya wasayansi woyeza madzi ndi kupima nsomba, pakuti nzeru zake ndi mphatso ya Mulungu yotumikira anthu onse.

6. Malamulo a dziko lathu akugwirizana ndi chiphunzitso chimenechi. Gawo 13 la Malamulo Aakulu a Dziko limalamula Boma kusamala chilengedwe poganiziranso mibadwo ya m'tsogolo. Boma lidakhazikitsa lamulo loteteza nsomba mu 1997, ndondomeko ya usodzi ndi ulimi wa nsomba mu 2016, komanso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a Boma, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Akatswiri tili nawo: ku malo a kafukufuku a Monkey Bay, ku Domasi, ku Bunda, ndiponso ku Yunivesite ya Mzuzu pafupi ndi ife pompano. Chimene chimapereŵera ndi kudzipereka kwa olamulira kuti malamulo ndi nzeru zimenezi zifike pa dziwe la mlimi ndi pa doko la msodzi.

Zimene tikupempha

7. Kwa Boma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo: ikani m'bajeti ndalama zokwanira zoyezera madzi ndi nsomba chaka ndi chaka, ndipo onetsetsani kuti zafikadi kumene zikufunika. Kafukufuku wodalira thandizo la maiko akunja lokha amatha tsiku limene pulojekiti yatha, pamene matenda amapitirira. Musasinthe nyengo yotseka nyanja pofuna mavoti, ndipo lamulo likhale limodzi kwa mwini bwato laling'ono ndi kwa mwini sitima yokoka makoka.

8. Kwa akatswiri a kafukufuku: zimene mwapeza ndi chuma cha mtundu wonse. Zisathere m'mabuku a Chingerezi ndi m'misonkhano ya m'mahotela. Zifotokozeni m'Chitumbuka, m'Chitonga, m'Chichewa ndi m'Chiyao, pa wailesi ndi m'mabwalo a mafumu. Nenani zoona ngakhale pamene sizikomera akuluakulu, ndipo mverani asodzi okalamba amene amaidziwa nyanja kuyambira ubwana wawo.

9. Kwa Khonsolo ya Mzinda wa Mzuzu, makhansala ndi mafumu: tetezani nkhalango ya Kaning'ina ndi mtsinje wa Lunyangwa. Madzi a Lunyangwa amathira mu Kasitu, a Kasitu mu South Rukuru, ndipo a South Rukuru m'nyanja ya Malawi. Dothi lokokoloka, zinyalala ndi mankhwala a m'madimba zimene timazitaya kuno kumtunda zimakathera kumene nsomba zimaswana. Kugawa malo omangapo nyumba m'madambo ndi kugulitsa tsogolo la ana athu.

10. Kwa inu Akhristu m'Miphakati yanu: mukaona nsomba za zilonda kapena zakufa zambiri, dziwitsani mlangizi wa za nsomba tsiku lomwelo. Musazidye, musazigulitse, musaziponye mumtsinje. Zikwirireni kutali ndi madzi. Gulani mbewu ya nsomba kwa oŵeta ovomerezeka okha, ndipo yanikani maukonde padzuŵa mpaka aume musanaŵalowetse m'dziwe lina. Neti yoteteza udzudzu ndi yoteteza ana ku malungo. Amene amaisandutsa ukonde amalakwira ana ake ndi nyanja yomwe. Makomiti a Chilungamo ndi Mtendere m'maparishi afunse phungu ndi khansala wa dera lawo zimene achitapo pa nkhaniyi, ndipo abweretse yankho ku Mphakati.

11. Tipemphe Mulungu Atate, Mlengi wa madzi ndi zonse zokhala m'menemo, kuti apatse atsogoleri athu mtima womva chenjezo nthawi isanathe. Petro Woyera, msodzi wa ku Galileya, atipempherere, ndipo Amayi Maria atisunge tonse mu mtendere wa Mwana wawo.