Tesla ya pa payslip: musanasaine, werengerani kaye

M'magulu a WhatsApp a Amalawi okhala kuno ku UK, zithunzi zimene zikuyenda kwambiri masiku ano ndi za munthu atatsamira Tesla Model Y yonyezimira, pansi pake anzake akuponya mitima ndi "zakuyenderani achimwene". Ambiri mwa magalimoto amenewa sanagulidwe ayi. Abwera kudzera pa salary sacrifice, ndondomeko imene abwana amakubwerekera galimoto kukampani ngati Tusker, Octopus Electric Vehicles kapena NHS Fleet Solutions, kenako n'kumadula ndalama pamalipiro ako msonkho usanachotsedwe. Nthawi zambiri inshuwalansi, sevisi ndi matayala zimakhala momwemo, ndipo mgwirizano umakhala wa zaka ziwiri mpaka zinayi.

Phindu lake ndi lenileni, sitikukana. Tiyerekeze kuti akukudulani £500 pamwezi. Ngati muli pa msonkho wa 20 peresenti ndi National Insurance ya 8 peresenti, m'thumba mwanu mumachoka £360 yokha. Boma limaona galimotoyo ngati mphatso ya kuntchito, ndiye limaikapo kamsonkho kotchedwa Benefit in Kind. Pa galimoto ya magetsi kamsonkhoka ndi 3 peresenti ya mtengo wake m'chaka cha msonkho cha 2025/26, pomwe ya petulo imatha kufika 37 peresenti. Pa galimoto ya £45,000 ndiye kuti ndi £270 m'chaka chimenecho. N'chifukwa chake anthu akuthamangira.

Koma taonani amene akudya kwambiri. Munthu wolandira kupitirira £50,270 ali pa msonkho wa 40 peresenti ndi National Insurance ya 2 peresenti, choncho £500 yomweyo imamutengera £290. Ndondomekoyi imakoma kwambiri kwa dokotala wamkulu kapena mkulu wa IT. Namwino woyamba kumene pa Band 5, amene malipiro ake anali pafupifupi £31,000 pachaka mu 2025/26, amapindula ndithu koma pang'ono, ndipo £360 pamwezi kwa iye ndi ndalama yomwe mayi akumudzi ndi fizi ya ana a mlongo wake zimadalira.

Kwa abale athu ogwira ntchito yosamalira okalamba, chitseko n'chotseka kale. Lamulo limaletsa kuti salary sacrifice itsitse malipiro kufika pansi pa malipiro ochepetsetsa a dziko, omwe mu Epulo 2025 anaikidwa pa £12.21 pa ola kwa azaka 21 kupita m'mwamba. Wolandira £12.82 pa ola, maola 37.5 pa sabata, panthawiyo anali ndi mpata wa pafupifupi £99 pamwezi basi. Ndalama imeneyo mwina njinga yamagetsi, osati Tesla.

Nkhani imene ine ndikuiona kuti anthu akuidumpha ndi ya viza. Galimotoyo ndi ya mgwirizano wa abwana, ndipo kwa ambiri a ife viza nayonso yamangidwa pa abwana omwewo. Mukapeza ntchito yabwino kuchipatala china, kapena kampani ikalandidwa chilolezo cholemba anthu ochokera kunja, galimoto imabwezedwa ndipo pamatha kubwera chindapusa chothetsa mgwirizano nthawi isanakwane. Makampani ena ali ndi chitetezo pa zimenezi, koma chimakhala ndi malamulo ake: china chimayamba kugwira ntchito pakatha miyezi ingapo, china chimateteza amene wachotsedwa ntchito n'kusiya amene wachoka yekha. Pemphani a HR akulembereni pa pepala kuti mukachoka mwezi wachisanu ndi chitatu mudzalipira zingati, komanso kuti malipiro olembedwa pa viza yanu akhudzidwa bwanji. Yankho la pakamwa pa nthawi ya tiyi silidzakuthandizani pa tsiku lovuta.

Palinso penshoni. Ya NHS ya 2015 imasunga gawo limodzi mwa magawo 54 a malipiro anu a chaka chilichonse. Mukadula £6,000 pachaka, penshoni yanu ya m'tsogolo imachepa ndi pafupifupi £111 pachaka pa chaka chilichonse chimene mwayendera galimotoyo. Zaka zinayi ndi £444 pachaka, moyo wanu wonse wopuma. Wazaka 27 aseka, koma ndi ndalama. Malipiro a tchuthi cha uchembere amawerengedwanso pa ndalama yotsala, ndipo a banki mukafuna ngongole ya nyumba adzayang'ana payslip yomweyo yodulidwa.

Tsopano funso limene liyenera kubwera musanaganize za mtundu wa galimoto: muzitchajira kuti? Amene ali ndi poimika galimoto pakhomo amatha kutchaja usiku pa mtengo wa pafupifupi 7p pa kWh. Pa matchaja othamanga a m'misewu ndi 70p kupita m'mwamba, ndipo VAT yake ndi 20 peresenti pomwe ya magetsi a kunyumba ndi 5 peresenti. Batire ya 60 kWh kunyumba imadzaza ndi £4 ndi timakobiri, kumsewu £42 kapena kuposa. Ambiri a ife ku Manchester, Leeds ndi Nottingham tikuchita lendi m'maflati kapena m'nyumba zogundizana zija, zoti galimoto imagona mumsewu, nthawi zina msewu wina kumene. Pamenepo phindu la msonkho lija limathera pa tchaja.

Ndiye Model Y, ngakhale inatsogola pa magalimoto a magetsi ogulidwa kwambiri ku UK mu 2023 ndi 2024, si poyambira pabwino kwa aliyense. MG4 ndi Renault 5 yatsopano ija zili pansi kwambiri pa mtengo, ndipo Benefit in Kind imawerengedwa pa mtengo wa galimoto. Kamsonkhoka sikakhala pa 3 peresenti: kakwera kufika 4 mu 2026/27, 5 chaka chotsatira, kenako 7 ndi 9 peresenti pofika 2029/30. Pa galimoto ya £45,000 ija, £270 isanduka £810 pachaka. Mu bajeti ya Novembala 2025, Rachel Reeves analengezanso msonkho wa 3p pa mailo iliyonse kuyambira Epulo 2028, kutanthauza £300 kwa woyenda mamailo 10,000 pachaka.

Ndipo kwa amene mukuganiza kuti ikatha zaka zinayi muikweza sitima mpaka Dar es Salaam kuti ikafike ku Area 25, iwalani. Mgwirizano ukatha nthawi zambiri mumabweza galimoto, amaiyendera ngati yakalika, amawerenga mamailo opitirira amene munagwirizana, n'kukutumizirani bilu.