Utsi wa m'khitchini umathera pa bedi la chipatala

Asisi, June akafika ku Lobi kumazizira koopsa. Mayi amasonkha moto pamafuwa, kutseka chitseko cha khitchini, mwana ali kumbuyo. Nkhuni zasowa, ndiye akusonkhezera mapesi ndi zitsononkho, utsi wake wolowa mpaka m'maso. Sipatha sabata mwana wayamba kubanika. Chibayo.

Amati chipatala cha boma n'chaulere. Chabwino. Nanga kabaza wa njinga yamoto wopita ku Dedza boma akamutumiza amalipira ndani? Mankhwala ogula kufamase akatha kuchipatala? Tomato ndi kachewere zoonongeka kudimba iye akudikirira mwana kuwodi? Ndalama imeneyo simuipeza mu bajeti ya unduna uliwonse. Imatuluka pansonga ya chitenje cha mayi.

Bungwe la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse padziko lonse. Kuno kwathu mabanja oposa 9 pa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo tonse tikudziwa amene amakhala pamotopo.

Mu 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa, zilango za makala zinakwera. Sitikutsutsa, Dzalanyama ikuthadi, ndipo makala ake ena timawotha ife tomwe ku Kawale ndi ku Area 25 magetsi akathima. Koma kulanda matumba a makala pa rodibuloko osapatsa mayi china chophikira n'kungomukankhira kumapesi.

Ena ati nanga si kuli chitetezo mbaula? Imapulumutsa nkhuni, zoona, komanso ulendo wa kuthengo. Koma kafukufuku wa ku Chikwawa ndi Chilumba amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti ngakhale mbaula zamakono zoposa imeneyi sizinachepetse chibayo mwa ana. Utsi umafunika kuchoka, osati kungochepa pang'ono.

N'chifukwa chake ife tikuti gasi wotsika mtengo ndi magetsi ofika kumudzi ziwerengedwe ngati ndalama za umoyo. Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa, kuphatikizapo lathu, analonjeza 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri sitifikapo. Yochepa yomweyo tikuithera kuchiza matenda oyambira pamafuwa.

Aphungu anu akamakambirana bajeti, alembereni. Afunseni kuti silinda ya gasi idzafika liti pa Lobi, pamtengo woti mayi wogulitsa tomato angakwanitse. Zimene akuyankheni tiuzeni pano.