Chenjerani ndi mtengo wotumizira katundu pa okushoni ya pa intaneti

A Mkonzi,

Ndiloleni ndipemphe danga m'nyuzipepala yanu yokondedwayi kuti ndichenjeze anzanga a kumudzi, makamaka abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi asungichuma, za mchitidwe wina umene ukudya ndalama za anthu mwakachetechete. Ndikunena za mtengo wotumizira katundu umene amalonda ena amaukweza dala pa misika ya okushoni ya pa intaneti.

Ena anena kuti nkhani imeneyi ndi ya anthu a m'tauni. Ayi ndithu. Masiku ano mdzukulu amene ali ndi foni yamakono ndiye wasanduka wogulira mudzi wonse. Mpingo ukafuna limba kapena zokuzira mawu, mwini chigayo akasowa chitsulo ku Limbe ndi ku Lilongwe, mawu ake amakhala amodzi: "Muuzeni mwana uja atiyang'anire pa intaneti." Tsono ndalama zopita kumeneko ndi za chopereka, za fodya, za soya ndi za mtedza, zopezeka ndi thukuta.

Ife alimi okushoni timaidziwa bwino chifukwa cha fodya wa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma. Timadziwanso kuti mtengo umene belo lagulidwira si ndalama imene imalowa m'thumba, pakuti amayamba achotsa thiransipoti ndi zina zambiri. Okushoni ya pa intaneti imayenda chimodzimodzi, anthu kupikisana mitengo mpaka nthawi itakwana, kungoti wogulitsa ali ku London kapena ku Texas, ndipo ife tili mbali ya wogula. Kwa wogula ndalama sizichotsedwa koma zimawonjezedwa. Msika wotchuka kwambiri wa mtundu umenewu ndi eBay, umene unayambitsidwa ku America m'chaka cha 1995 ndi Pierre Omidyar.

Chinyengo chake chimayenda motere. Wogulitsa amalemba mtengo wotsika kwambiri ndi zilembo zikuluzikulu, koma mtengo wotumizira amaulemba pansi ndi tizilembo ting'onoting'ono, ataukweza kuposa zimene iye akalipire ku positi ofesi. Poti ndinali mphunzitsi, ndiloleni ndipereke samu yongoyerekeza. Wogulitsa woyamba akuti chinthu ndi madola 5, kutumiza madola 60. Wachiwiri akuti chinthu chomwecho ndi madola 40, kutumiza madola 20. Mwana wa Sitandade 3 akuuzani kuti woyamba akufuna 65 pamene wachiwiri akufuna 60. Koma akuluakulu ambiri amathamangira kwa woyamba, chifukwa diso laona 5 ndipo mtima wadumpha kale. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Izi si zongoganizira ayi. M'chaka cha 2006 akatswiri awiri a zachuma, Tanjim Hossain ndi John Morgan, anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachita pa eBay. Iwo ankagulitsa ma CD a nyimbo ndi masewera a Xbox, zina poyambira mtengo wotsika koma kutumiza kodula, zina poyambira mtengo wokwererapo koma kutumiza kotchipa. Anapeza kuti kawirikawiri njira yoyamba ija inkabweretsa ndalama zambiri, chifukwa ogula sankawerengera mokwanira mtengo wotumizira. Ngati anthu ozolowera kugula motere amakodwa, nanga ife a kumudzi?

Panalinso chifukwa china chimene amalonda ankachitira zimenezi. Kale eni msika wa eBay ankatenga gawo lawo pa mtengo wa chinthu chokha, osati pa ndalama yotumizira. Wogulitsa wochenjera ankasamutsira phindu lake ku mtengo wotumizira kuti alipire zochepa. M'chaka cha 2011 eBay inayamba kuwerengera gawo lake pa ndalama zonse pamodzi, kuphatikizapo yotumizira, pofuna kutseka mpata umenewu. Mpatawo unatsekedwa, koma nyambo ya mtengo wotsika ikugwirabe anthu mpaka lero.

Kwa ife Amalawi bala limeneli limapweteka katatu. Choyamba, katunduyu timalipira ndi madola kapena mapaundi, pamene kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Dola iliyonse yowonjezera ndi ndiwo za banja. Chachiwiri, katundu akafika, a bungwe lotolera misonkho la MRA amawerengera msonkho pa mtengo wa chinthu, inshuwalansi ndi ndalama yotumizira, zonse pamodzi. Choncho wogulitsa akakweza dala mtengo wotumizira, inu mulipiranso msonkho pa bodza lakelo. Chachitatu, mukasintha maganizo ndi kufuna kubweza katunduyo, kawirikawiri mulipira nokha ulendo wobwerera, ndipo wogulitsa angathe kukubwezerani madola 5 okha aja, 60 ija itapita.

Chaka chatha mpingo wina wa kuno kwathu unasonkha ndalama kwa miyezi ingapo kuti ugule limba. Mnyamata wa kwaya anapeza limba logwiritsidwapo kale ntchito pa msika wina wa pa intaneti, napambana okushoni, anthu n'kululutira m'tchalitchi. Atandipempha kuti ndiwathandize kuwonkhetsa, zinapezeka kuti ndalama yotumizira inaposa mtengo wa limbalo, msonkho usanalowepo. Akhristu anasonkhanso kachiwiri, ndipo ena anayamba kumunena mnyamatayo kuti wadya ndalama za Mulungu, pamene iye sanatengepo ngakhale tambala. Apa ndiye pamene pali vuto lalikulu: wonyengayo ali kutsidya kwa nyanja, koma chidani chimatsala pakati pa abale a mpingo umodzi.

Sindikunena kuti mtengo uliwonse wokwera wotumizira ndi wakuba. Dziko lathu lilibe doko. Katundu wolemera amadzera ku Dar es Salaam, Beira, Nacala kapena Durban, kenaka n'kuyenda mtunda wautali pa msewu kapena pa njanji. Wobwera pa ndege amalipiritsidwa potengera kulemera kwake kapena kukula kwa bokosi, chimene chaposa chinzake. Amene amaitanitsa magalimoto ku Japan amadziwa kuti pali mtengo wa galimoto ili komweko, ndi mtengo wina yafika ku Dar es Salaam, isanayambe ulendo wolowera pa chipata cha Songwe. Kutalika kwa njira palibe amene angakutsutse. Chimene ndikukana ndi kubisa phindu m'dzina la positi. Zimenezi sizikusiyana ndi vendala amene amatchula mtengo wabwino wa chimanga koma sikelo yake ataikhotetsa. Abusa athu akudziwa kuti mneneri Amosi anadzudzula amalonda a miyeso yachinyengo kalekale.

Tsono tichite chiyani? Musanalole mwana kutchula mtengo pa okushoni, muuzeni akulembereni pa pepala zinthu zinayi: mtengo wa chinthu, mtengo wotumizira mpaka ku Malawi, msonkho umene ungafunike, ndi ndalama imene banki idzadule posintha kwacha. Muwonkhetse, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho mupite nacho ku komiti. Kumbukirani kuti pa misika yotere ukatchula mtengo ndi kupambana, walonjeza kugula. Funsani wogulitsa kulemera kwa katunduyo ndi njira imene atumizire, ndipo ayankhe molemba. Akazemba funso limeneli, musiyeni. Yerekezani ogulitsa atatu kapena anayi a chinthu chomwecho. Werengani zimene ogula ena analemba za iye. Ndipo musanatumize ndalama kunja, yambani mwafunsa m'masitolo a kuno kwathu, kumene mungabwerere ndi lisiti chinthu chikavuta. Safunsa anadya phula.

Ndikupemphanso bungwe la Competition and Fair Trading Commission ndi la Consumers Association of Malawi kuti afalitse uthenga umenewu m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina pa wailesi. N'zoona kuti wamalonda wa kunja sangamukokere kubwalo lathu mosavuta, koma kuphunzitsa anthu kuli m'manja mwawo. Aphunzitsi anzanga amene mukadali pa ntchito, samu za kugula ndi kugulitsa muziikamo zitsanzo zotere, chifukwa ana amene muli nawo m'kalasiwo ndiwo akutigulira zinthu.

Inu abusa ndi ansembe, anthu amakumverani kuposa wina aliyense m'mudzi. Musalole ndalama za mpingo kutuluka chifukwa cha chithunzi chokongola cha pa foni. Mtengo weniweni wa chinthu ndi umene mwalipira chitafika pakhomo panu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito,
Kasungu.