Mvula Isanagwe M'mapiri a ku Thyolo

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, dzuwa likamaswa mtengo, anthu a m'minda ya tiyi ku Thyolo amatchera khutu ku Nthambi ya Zanyengo kuti amve m'mene mvula idzagwere. Ambiri amaganiza za masamba a tiyi ndi chimanga basi. Koma uthenga wa zanyengo ndi chenjezonso la zaumoyo.

Dera la Thyolo ndi la mapiri ndi zigwa. Mvula yoyamba ikagwa pa nthaka youma, madzi amatsika mwaliwiro, nakokololera zonyansa za anthu odzithandiza kutchire m'zitsime za m'zigwa ndi mumtsinje wa Nsuwadzi. Pa nyengo yomweyi eni minda amalemba antchito ambiri othyola tiyi, ndipo nyumba za m'makomboni zimadzaza. Apa ndi pamene matenda otsegula m'mimba amafala msanga. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula nyumba ndi zimbudzi zambiri m'chigawo cha Kummwera.

Choncho ntchito iyenera kugwiridwa nthaka ikadali youma. Chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, patali mamita osachepera 30, chifoleredwe, ndipo chikhale ndi chivundikiro. Ngalande zilambulidwe, maenje akwiriridwe kuti udzudzu usaswane. Madzi akumwa aphitsidwe kapena athiridwe mankhwala a klorini.

Udindo umenewu uli pa eni minda, akapitawo, mafumu ndi banja lililonse. Wokumba chimbudzi mvula itayamba, dzenje limamugumukira ntchito isanathe.