Dziwe la Nkhalamba: ulendo wa tsiku limodzi wa banja lachisilamu la ku Limbe

Dziwe la Nkhalamba lili pamtsinje wa Likhubula, m'chigwa cha kumadzulo kwa phiri la Mulanje, pomwe madzi amagwa kuchoka pathanthwe n'kukadikha m'dziwe lakuya lozingidwa ndi miyala. Ambiri akamva za Mulanje amaganiza za Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 yomwe imafuna masiku angapo ndi mawondo olimba. Njira yopita kudziweli siyotero. Kuchoka pa ofesi ya zankhalango ya Likhubula, munthu amayenda pafupifupi ola limodzi, kukwera pang'onopang'ono, ndipo mwana wa ku pulayimale amafika popanda kuberekedwa. Banja lachisilamu la ku Limbe lingathe kupita ndi kubwerako dzuwa lisanalowe, osaphonya swala, osadya chokayikitsa, bola likonzekere zinthu zingapo lisananyamuke.

Kuchoka ku Limbe kuli misewu iwiri. Wa Midima, wotchedwanso Robert Mugabe Highway, ndi wachidule. Wodzera ku Bvumbwe ndi Thyolo ndi wautali koma umadutsa m'minda ya tiyi. Yonse imakafika pa Chitakale, pomwe apaulendo amakhotera msewu wa ku Phalombe n'kuyenda makilomita pafupifupi khumi. Wopanda galimoto amakwera minibasi ya ku Mulanje pa depoti ya Limbe, kutsikira pa Chitakale, kenako n'kupeza galimoto ya ku Phalombe kapena kabaza wa njinga yamoto. Pachipata pamalipiridwa ndalama yolowera, popeza phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927. Pomwepo pamapezeka anyamata olondolera alendo njira, ndipo kutenga mmodzi n'kwanzeru: tinjira ta otola nkhuni timasokoneza mlendo, komanso ndalamayo imadyetsa banja la m'mudzi wapafupi.

Tsiku ndi nthawi zimasankhidwa poyang'ana swala. Lachisanu ndi la Ijuma, choncho Loweruka, Lamulungu kapena masiku otsatira Eid ndiwo oyenera. Kunyamuka atangoswali Fajr kumathandiza kuti banja liyambe kukwera kusanatenthe, lifike padziwe gulu lisanachuluke. Kum'mwera kwa Malawi nthawi ya Dhuhr imalowa cha m'ma 12 koloko kapena itatsala pang'ono kukwana, kotero swalayi imawapeza ali m'chigwa momwemo. Izi sizivuta. Madzi oyenda a mumtsinje ndi oyera, oyenera kupangira wudhu (kudziyeretsa munthu asanaswali), ndipo thanthwe louma lathyathyathya limakwana kuyalapo mkeka woswalira kapena chitenje choyera. Kibula cha kuno, mbali yoyang'ana poswali, chili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Kampasi ya pafoni imachionetsa, koma ndi bwino kuiyesa kunyumba chifukwa netiweki m'chigwa imabwera n'kumapita. Za kufupikitsa swala paulendo, mashehe ambiri amaika malire pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80, ndipo ulendo wa ku Likhubula uli pafupi ndi malirewo. Komanso otsatira mazihabu a Shafi'i ndi a Hanafi, omwe onse alipo mu Limbe, amasiyana pa nkhani yophatikiza swala ziwiri. Choncho mwini banja afunsiretu shehe wa pamzikiti wake, apo ayi angoswali maraka anayi onse monga wa pakhomo.

Kamba ndi wochokera kunyumba. M'chigwa mulibe malo odyera oti munthu n'kufunsa kuti nyama anazinga ndani. Mpunga wa nkhuku, chapati, samusa, mazira owiritsa ndi tiyi wa m'fulasiki zimanyamulika mosavuta, ndipo nyama yogula m'mabutchala okhala ndi chiphaso cha halaal, chomwe imapereka nthambi ya Muslim Association of Malawi, imachotsa nkhawa zonse. Zipatso zokha n'zosafunika kusenza kuchoka ku Limbe, chifukwa zinanazi za ku Mulanje, nthochi ndi mapeyala zimagulitsidwa m'mbali mwa msewu malinga ndi nyengo yake. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena a m'botolo, popeza madzi oyenera wudhu sikuti ndi otetezeka kumimba ya mwana.

Kavalidwe kachisilamu sikaletsa kuyenda m'phiri, koma kamafuna kukonza pang'ono. Abaya kapena mkanjo wofika pansi umakola m'miyala ndi m'mizu, ndipo potsika munthu angaupondere n'kugwa. Chovala chokwezeka pang'ono, thalauza lotakasuka mkati, hijabu ya nsalu yopepuka yomangidwa bwino kuti mphepo isaiulutse, ndi nsapato zogwira pansi m'malo mwa masilipasi, ndizo zoyenera. Pakati pa May ndi August juzi isasiyidwe, chifukwa chiperoni chimatha kuphimba phiri mwadzidzidzi, kuzizira n'kuyamba mawawa.

Njirayo imayamba ngati kamsewu kafumbi, kenako n'kusanduka kanjira kodutsa m'nkhalango ya mitengo yachilengedwe. Chakumanzere kumaoneka khoma lalikulu la nsonga ya Chambe, ndipo mkokomo wa mtsinje umamveka njira yonse. Amayi osenza mitolo ya nkhuni amatsika mothamanga chifukwa cha kulemera kwa katundu; ulemu ndi kuwapatukira msanga ndi kuwapatsa moni. Agogo omwe sangafike kumtunda angatsalire pamaiwe ang'onoang'ono a kumunsi, pafupi ndi nyumba zogona alendo, pomwe pali mithunzi ndi matanthwe osalala.

Padziwe penipeni pamafunika maso. Madzi ake ndi ozizira kwambiri ngakhale mu October, pakati pake ndi pakuya, miyala ya m'mbali ndi yoterera, ndipo anthu anamirapo. Ana asewere m'mphepete mosaya, wamkulu ali pambali pawo. M'dzinja, kuyambira November mpaka April, mvula ikagwa pamwamba pa phiri mtsinje umadzaza m'kanthawi kochepa ngakhale kumunsi kuli ng'ee. Anthu a ku Mulanje ndi Phalombe sanaiwale napolo wa namondwe Freddy mu March 2023, ndipo wolondolera njira akanena kuti lero sikoyenera, mawu akewo ndi omaliza. Masana a Loweruka ndi Lamulungu pamadzaza achinyamata osambira, ena ndi zoimbira ndi zakumwa zawo. Malowa ndi a aliyense, kotero banja lofuna bata lifike m'mawa, kapena lipeze thanthwe lina chakumunsi n'kukhala pa lokha.

Dzina la dziweli limachokera ku nkhani ya makolo yoti pamalopa pankaoneka nkhalamba, ndipo anthu ankathirapo nsembe popempha mvula. Zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe zokhudza phirili ndi zomwe zinachititsa kuti mu July 2025 bungwe la UNESCO liliike pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse lapansi. Msilamu sathira nsembe kwa mizimu, chifukwa kutero n'kuphatikiza Allah ndi zina. Koma kumvetsera mbiriyo si kupembedza, ndipo kunyoza eni dera pa zomwe amalemekeza si khalidwe lachisilamu. Apa kholo limapeza mpata wophunzitsa mwana zonse ziwiri nthawi imodzi: kugwira chikhulupiriro chake ndi kusunga ulemu kwa ena.

Udindo womaliza ndi wosamala malo. Chisilamu chimaletsa kudzithandiza m'madzi, panjira kapena pamthunzi pomwe anthu amapumira, ndipo chimawerenga kuchotsa chopinga panjira ngati sadaka. Majumbo, mabotolo ndi matewera a ana zibwerere m'chikwama momwe zinabwerera. Timabokosi tonunkhira ta mkungudza tomwe amagulitsa m'derali ndi tokongola, koma mtengowu, womwe unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo chifukwa chodulidwa mozemba ndi moto wolusa. Kwa munthu wa ku Limbe nkhani yosamala malowa si yakutali. Kuyambira mu 2019, Blantyre Water Board imatunga madzi mumtsinje wa Likhubula, kuwayeretsa ku Nguludi n'kuwatumiza kuthanki ya pa Mpingwe, komwe amagawidwa ku Bangwe ndi madera ena a Limbe. Banja losunga ukhondo wa mtsinjewu likusamala madzi omwe limamwa ndi kupangira wudhu kunyumba kwake.