Nafenso a Kunyanja Tikwere ku Zomba, Ana Akathyole Okha Sitiroberi

Chaka chilichonse pa 15 Okutobala, tsiku limene dziko lathu lilemekeza anakubala, ife a ku Nkopola timaona magalimoto ali piringupiringu kuchokera ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Lilongwe, atasenza mabanja amene alakalaka kuponda mchenga, kusamba m'nyanja ndi kudya chambo chootcha. Ndipo ngakhale tiwalandira ndi manja awiri, monga anatilangiza makolo, chindidabwitsa n'chakuti ife eni gombe sitilingalira konse zobweza ulendowo, kuti nafenso titenge ana athu tikawaonetse zimene dothi lathu lotentha likana kubala. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Phiri la Zomba silili kutali. Munthu akadzuka m'mamawa, nadzera ku Mangochi boma, nawoloka Shire pa Liwonde, afika dzuwa lisanafike pamutu mu mzinda umene unali likulu la dziko lino kufikira 1975. Nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene nsonga za phirilo zipitirira mamita 2,000. Ndipo kusiyana kumeneku, pamodzi ndi nkhungu ndi timitsinje tozizira, ndiko kuchititsa kuti sitiroberi akondwe kumeneko. Amene anakwerapo msewu wokhotakhota wopita ku Ku Chawe awadziwa anyamata ndi amayi amene aimirira m'mbali mwa njira, zipatso zofiira zili m'manja. Koma taonani magulidwe athu: titsitsa galasi, tinenerera mtengo kufikira wogulitsa atagwa mphwayi, ndipo tichoka mwana ali kumbuyo osadziwa ngati chipatsocho chibala pamtengo kapena pansi.

Ine ndinena kuti alimi a kuphiriko atsegule madimba awo, mabanja azilowa ndi kuthyola okha. Chifukwa chake chili m'chipatso momwemo. Mango ndi nthochi tingathe kuzithyola zosapsa n'kuzivundika, koma sitiroberi akangochoka pa tsinde lake saonjezanso kutsekemera. Motero mlimi amene afuna kuti katundu wake apirire ulendo amthyola asanakhwime bwino, ndipo amene adikira kuti apse aona theka la dengu litafewa lisanafike kuchigwa, pakuti kutentha kwa Liwonde ndi Mangochi sikuchitira chifundo chipatso chopanda khungu lolimba. Ngati chipatso sichingathe kutsika bwino kwa ife, nzeru yake ndi yakuti ife tikwere kwa icho. Ku Britain alimi anazindikira zimenezi kale, ndipo kuli minda yambiri kumene banja lipatsidwa kadengu pachipata, lithyola, n'kulipira monga mwa kulemera kwa zimene lathyolazo.

Pamenepo mwana wa msodzi, amene adziwa kusiyanitsa usipa ndi utaka ngakhale kuli mdima, adzawerama pa mzere nadzaona kuti mbewuyi itambasula tinthambi toyanga pansi timene tizika mizu n'kukhala mbewu zatsopano, ndi kuti mlimi ayala udzu wouma kuti zipatso zisakhudze matope. Adzamva msana kuwawa dengu lisanadzaze, ndipo sindikhulupirira kuti pobwerera adzalola atate ake kudula mtengo pakati monga kale.

Ndidziwa chimene mlimi adzayankha, ndipo sindimnyoza: ana apondereza mbewu, ndipo zambiri zithera m'kamwa zisanaone sikelo. Zoonadi, walira mvula walira matope. Koma Boazi wa m'Baibulo uja analola Rute kukunkha m'munda mwake anaikanso malamulo kwa anyamata ake. Chomwechonso mwini dimba apatule mizere iwiri kapena itatu ya alendo, alipiritse kandalama kolowera kamene kaphimba zodyedwa pomwepo, ndipo mmodzi wa a m'nyumba mwake atsagane nawo kuwaonetsa kuti chipatso chithyoledwa ndi kaphesi kake, osachifinya.

Za mtengo wa ulendo, mabanja atatu kapena anayi angasonkherane minibasi imodzi, monga achitira a mpingo ndi a kumzikiti popita kuukwati. Amayi asaiwale majuzi a ana, chifukwa mwana wokulira pagombe anjenjemera msanga pafupi ndi damu la Mulunguzi.